Njanji ziwiri zosalumikizana zinandidyera ntchito ine

Achimwene inu mukuti njanji yatsopano akuikamba yopita ku Cosmo City ndi Soweto kuno ku Joni ingokhala ya mtundu wa Gautrain basi, sitima ija yolumikiza Joni, Pretoria ndi bwalo la ndege, poti ndi yothamanga, ndawerenga mtima wanga wachita kuwawa, ndilekeni ndikuuzeni zomwe zinandionekera.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Tembisa, ntchito ndinaipeza ya mukhitchini pa lesitilanti ina ku Sandton, ndili pa masabata oyesedwa aja. Mmawa uliwonse ndimakwera sitima ya wamba mpaka pa Rhodesfield, kutsika, kuthamanga kukalowa mbali ya Gautrain. Masiteshoni ake ogundizana koma ino tikiti yake, inayo khadi lake, ndalama kulipira kawiri.

Lolemba lina mu June, kuzizira kwa ku Joni kuja koumitsa zala, ndafika pa geti ndagunditsa khadi, geti osatseguka. Ndalama zaperewera, poti zina ndinali nditagulira tikiti ya sitima inayo. Ndathamangira pa mashini oikira ndalama, mzere mpaka uko, ndiye kutsogolo kwanga kuli bambo ena akulimbana ndi R50 yokwinyika, mashini akuilavula, iwo akuiwongola pa ntchafu nkuilowetsanso, ikutulukanso. Ine yunifolomu ili mu jumbo kukhwapa, ndikumva sitima ikufika, zitseko kutseguka, kutsekeka, yapita. Ndinayamba kutuluka thukuta kukuzizira choncho.

Kuntchito ndinafika nditachedwa ndi mphindi 25. Madamu a pamenepo sanandilole ndi kuvala epuloni komwe. Anandiimitsa pa khomo la kuseri pomwe timataya zinyalala, maso ali pa foni, akuti anthu ofuna ntchito alipo ambiri bwerera. Ndinapepesa abale, ndinawaonetsa mpaka tikiti ndi kalisiti ka khadi kuti aone nthawi, sanayang'ane nkomwe. Masiku anayi a sabata yapitayo omwe ndinatsuka mapoto mpaka manja kusuka sanandilipire mpaka lero. Munthu amabwera pa galimoto lake lofunda mkati, sanaimepo pa pulatifomu 5 koloko mmawa, ndipo amadziwa bwino lomwe kuti mlendo sakadandaula kulikonse. Lendi ikundidikira, mwana kumudzi ku Ntcheu akudikira fizi, ndinakhala pa benchi pa Sandton pomwepo ndikulira ngati kwagwa maliro. Mayi ameneuja sindinawakhululukire ayi.

Ndiye mukamatchula liwiro dziwani kaye chomwe chimatitsitsa pa Rhodesfield paja. Njanji ya Gautrain ndi yotambalala mamilimita 1,435 pomwe ya masitima enawa ndi 1,067, kusiyana pafupifupi masentimita 37, mawilo sangakhalepo. Magetsinso ndi osiyana, Gautrain imayendera mavolti 25,000 a magetsi a mtundu wa AC, inayi 3,000 a mtundu wa DC. Ndiye ngakhale masitima a buluu atsopano aja akupangidwa ku fakitale ya ku Dunnottar kufupi ndi Joni, okongola choncho, sangalowe pa njanji ya Gautrain, nayonso singatuluke kukatenga anthu ku Tembisa. Gautrain inayamba mu 2010, chimalizireni kutsegula njanji yonse mu 2012 ikadali makilomita 80 ndi masiteshoni 10 omwewo, ndipo amene amasintha sitima ndi kulipira kawiri ndi ife okhala kutali, osati ochita bwino a ku Rosebank. Kwathu njanji ya ku Limbe kudzera Nkaya mpaka Nayuchi ndi 1,067 yomweyo, ya ku Mozambique chimodzimodzi, nchifukwa chake sitima imatha kufika ku Nacala osatsitsa katundu pa malire. Chinthu chabwino chotere osachiona bwanji?

Komanso nkhani ya miyezo si yochitira masewera. Mwaiwala mitu ya sitima ija ya Afro 4000 inachokera ku Spain, mu 2015 zinadziwika kuti ndi yaitali kupitirira muyezo wa njanji zambiri za kuno moti ikhoza kukhudza mawaya a magetsi a pamwamba, kontrakiti ya R3.5 biliyoni mpaka khoti linaithetsa. Zimatero anthu akamasankha sitima kaye njanji nkumaiganizira pambuyo. Ine ndikuti njanji yatsopano imangidwe yoti sitima yochoka ku Soweto izitha kupitirira pa njanji zomwe zilipo kale, munthu akakhala pampando akatsikire kuntchito.

Koma inu achemwali mwalemba mmunsimu kuti mwapeza ntchito ku Sandton, musayerekeze kudalira njira ina, kwerani Gautrain yomweyo. Imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola ndipo imasunga nthawi, zimenezo sindinganame, ndipo nthawi ya lockdown mu 2020 mbava zitazula mawaya m'njanji zinazi masitima ambiri nkuima, iyo poti ili payokha ndi mpanda wake inabwerera msanga. Mwina atamanga yatsopanoyo ngati imeneyo koma khadi likhale limodzi lokwerera zonse, ine ndingavomere. Ikani ndalama pa khadi Lamlungu madzulo osati Lolemba mmawa, muzisunga ina yapadera mu sokosi yosakwinyika, ndipo tsiku lililonse mwagwira ntchito muzilemba mu kabuku ndi kujambula pa foni pepala losainira kuntchito.