Kamera ya malemu bambo: ndikonzetse kapena ndigule ina?

Funso: Bambo anga ankajambula zithunzi pamaukwati, ndipo atamwalira anandisiyira kamera yawo ya filimu, Pentax K1000. Nditajambula nayo, zithunzi zinatuluka ndi mizere yofiira m'mbali, komanso kasingano ka m'kati sikakugwedezeka. Ndikonzetse kapena ndigule ina? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Achimwene, musaitaye. K1000 inkapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, ndipo imayenda ndi masipuling'i ndi magiya. Batire lake la LR44 limangoyendetsa kasingano koyezera kuwala kaja. Yambani mwagula batire latsopano, mupukute bwino pomwe limakhalapo.

Mizere yofiirayo ndi kuwala kolowera pachitseko chakumbuyo. Siponji yotseka mipata ikakalamba imafumbutuka n'kusanduka phala lomata. Kuisintha n'kotchipa, yanga ndinapala ndekha ndi kamtengo ka machesi, ndikumata yatsopano.

Chimene ine ndimaopa ndi chuku mu lenzi, makamaka ngati kamerayo inakhala m'sutikesi nyengo yamvula. Lenziyo iyang'aneni padzuwa. Mukaona ngati ukonde wa kangaude, funani lenzi ina ya Pentax K (mtundu wa lenzi wolowa pakamerayi), zilipo zambiri. Koma mukagula kamera ina ya mtunduwu, nayonso ikhoza kubwera ndi siponji yofumbutuka.