Fulashi yanga yasanduka ma shortcut okhaokha

FUNSO: Achimwene, ndili chaka chachinayi ndipo ndikulemba dissertation. Sabata yatha ndinakapulintitsa chaputala chachiwiri pakashopu kena kuseri kwa hosteli. Pobwerako, nditalowetsa fulashi mu laputopu, mafoda onse anali atasanduka ma shortcut. Dzulo kwabweranso imelo, akuti ndi a ICT, ofesi yoona za makompyuta pasukulu pathu, yoti akaunti yanga ya sukulu itsekedwa ndikapanda kulemba pasiwedi pa linki ina. Kodi ntchito yanga yapita? Nanga imeloyo ndiyankhe?
Wodandaula wa chaka chachinayi

YANKHO: Chemwali, mtima m'malo, ntchito yanu ilipo. Vairasi imeneyi nthawi zambiri sifufuta mafayilo, imangowabisa n'kuika ma shortcut, tizizindikiro tongolozera kwina, pamalo pake. Msampha wake ndi womwewo: mukadina shortcut, vairasi imayamba kugwira ntchito mu laputopu yanu, kenako fulashi iliyonse yolowa m'menemo imatenga matendawo. Choncho musadinenso.

Yambani mwasikana (scan) fulashiyo ndi Microsoft Defender, pulogalamu yosaka mavairasi imene imakhalamo kale mu Windows. Mukatero tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo, ndi kulemba attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma pa E muikepo chilembo cha fulashi yanu. Mafoda adzaonekeranso. Koperani ntchito yanu yokha, fulashiyo muifomate (kufufuta zonse zili m'menemo), laputopu nayo muisikane yonse. Ulendo wina mukafuna kupulinta, tumizani PDF pa imelo kapena pa WhatsApp. Kompyuta ya pashopu imalandira mafulashi a anthu ambirimbiri pa tsiku, ili ngati chikho cha pachitsime. Komanso dissertation isamagone pamalo amodzi. Ikani ina pa Google Drive usiku uno.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi imeloyo. Musaiyankhe, linkiyo musaikhudze. A ICT enieni sapempha pasiwedi, chifukwa akafuna kuisintha amatha kutero osakufunsani kuti yakale inali chiyani. Yang'anani adiresi imene imeloyo yachokera, osati dzina lokha; kawirikawiri mupeza kuti sikuthera ndi dzina la sukulu yanu.

Mwina mukuti, "Ine wophunzira wamba, angandibere chiyani?" Sakufuna inu, akufuna khomo. Akaunti yanu ndi imene imakulowetsani pa Wi-Fi ya sukulu ndi pa portal, ndipo amene waitenga amaoneka ngati wa m'nyumba. Ku Maastricht University, m'dziko la Netherlands, zinayamba chonchi: maimelo achinyengo anatsegulidwa mu Okutobala 2019, akubawo n'kukhala phee mu netiweki kwa miyezi iwiri. Khrisimasi itayandikira anakhoma maseva, makompyuta akuluakulu osunga zinthu za sukulu, ndipo yunivesiteyo inalipira ma bitcoin 30 (ndalama za pa intaneti), pafupifupi mayuro 200,000, kuti iwatsegulire. Tangoganizani zitachitika sabata ya mayeso.

Ngati munadina kale n'kulemba pasiwedi, sinthani lero lomwe, pakompyuta ina yabwinobwino, ndipo musinthenso paliponse pamene munagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo. Ndikudziwa, ambirife ya Facebook ndi ya sukulu ndi imodzi. Kenako pitani ku ofesi ya ICT ndi miyendo yanu mukawaonetse imeloyo. Musachite manyazi, sakakukalipirani. Imelo yotere siipita kwa munthu mmodzi, ndipo iwo akaiona msanga amatha kutseka linkiyo ndi kuchenjeza anzanu. Mutenge ndi laputopuyo akaione, musanailumikizenso ku Wi-Fi ya sukulu.