Kusanja Mayina a mu Imelo Potsatira Dzina la Makolo: Yankho kwa Mlembi wa Komiti

Mlungu wathawu ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene ndi mlembi wa bungwe la anthu omwe anaphunzira pa sukulu imodzi. Mwachidule, iwo anafotokoza kuti ali ndi mayina oposa 400 m'buku la maadiresi la Gmail, ndipo akufuna kuti mayinawo azitsatana potengera dzina la makolo, monga momwe alili m'kaundula wa papepala amene komiti imagwiritsa ntchito polemba zopereka. Mwana wawo anawasinthira makonda pa foni, koma zotsatira zake zinawazunguza mutu: mayina ena anasuntha n'kupita pomwe amayenera kukhala, ena sanasunthe n'komwe, ndipo gulu lalikulu la anthu linangounjikana pa chilembo B ndi pa chilembo M. Funso lawo linali lakuti kodi foniyo yawonongeka, kapena pali batani lina limene sanalione.

Mayi, foni yanu ili bwinobwino, ndipo batani limene mwana wanu anadina ndi lomwelo. Vuto lili m'kalembedwe ka mayinawo, osati m'makina. Koma poti ena owerenga sanafike ngakhale pamene inu mwafikapo, ndiyambe ndi batanilo, chifukwa limenelo silichedwetsa munthu.

Pa kompyuta, mayina a Gmail amasungidwa ku Google Contacts. Mukatsegula tsamba la contacts.google.com, dinani kachizindikiro kooneka ngati giya komwe kali pamwamba chakumanja, sankhani More settings, ndipo pamene palembedwa Sort by sankhani Last name. Pa foni ya Android mumalowa mu pulogalamu ya Contacts n'kupita ku Settings, komwe mupeza zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza: Sort by imanena za dzina limene mndandanda uzitsatira, pamene Name format imanena za dzina limene lizioneka koyamba pagalasi. Mukasintha choyambacho chokha, mndandanda udzatsatira dzina la makolo koma maso anu azidzaona dzina loyamba kutsogolo, ndipo zidzaoneka ngati mayina angomwazikana popanda dongosolo, choncho sinthani zonse ziwiri. Pa iPhone zinthu ziwirizi zimatchedwa Sort Order ndi Display Order, ndipo zili mu Settings pansi pa Contacts, kapena pansi pa Apps kenako Contacts ngati foniyo ili ndi iOS 18 kupita m'tsogolo. Kumbukiraninso kuti zimene mwasankha pa foni sizisintha za pa kompyuta, kotero mbali iliyonse muyenera kuisintha payokha.

Amene amagwiritsa ntchito Outlook yakale ya mu ofesi ali ndi ntchito yochulukirapo pang'ono. Pansi pa File, Options, People pali Default File As order, pomwe mumasankha Last, First, koma chosankhachi chimagwira pa mayina okhawo amene mudzalembe kuyambira tsikulo, osati akale. Kuti buku la maadiresi limene limatseguka polemba kalata nalonso litsatire dongosololi, mumapita ku Account Settings, pa Address Books, n'kudina Change, kenako n'kusankha File As, ndipo mukatero mutseke Outlook n'kuitsegulanso.

Tsopano tibwere pa anthu aja amene aunjikana pa B ndi pa M. Makina sadziwa kuti Phiri ndi dzina la makolo ndipo Chikondi ndi dzina loyamba. Chimene amadziwa n'chakuti khadi la munthu aliyense lili ndi timabokosi, ndipo mukawauza kuti asanje potsatira dzina la makolo, amangoyang'ana zimene zili m'kabokosi ka Last name. Akapeza kabokosiko kali kopanda kanthu, amagwiritsa ntchito zimene zili m'kabokosi ka First name. Ndiye ngati munalemba kuti "Bambo Phiri msungichuma" m'kabokosi koyamba, munthuyo adzakhala pa B mpaka kalekale, kaya musinthe makonda kangati. Ndikukhulupirira kuti mukatsegula makhadi asanu okha mwa amene sanasunthe n'kudina Edit, mupeza kuti onse ali chimodzimodzi: a pa B ndi a Bambo, a pa M ndi a Mayi, ndipo mwina pa A pali Abusa angapo ndi Aphunzitsi.

Palibe cholakwa pamenepa, chifukwa umu ndi mmene timatchulira anthu. Munthu woleredwa bwino salemba dzina la mkulu lopanda ulemu, ngakhale m'foni imene mkuluyo sadzaiona. Ine ndemwe nditafufuza mndandanda wanga ndinapezamo "Mayi a Mphatso", "Achimwene a ku Joni" ndi "Makaniko wachiwiri", ndipo kunena zoona makaniko woyamba sindikumukumbukanso. Kalembedwe kotere n'kothandiza pamene mukufuna kuimba foni mwachangu, koma sikangagwirizane ndi kaundula wa komiti. Chosangalatsa n'chakuti ulemuwo uli ndi malo ake: mukadina kamuvi kamene kali pambali pa dzina mu Edit, mupeza kabokosi ka Prefix, momwe mungaike Bambo, Mayi, Abusa kapena Dr., ndipo pansi pali timabokosi ta Company, Job title ndi Notes momwe mungalembemo kuti munthuyo ndi msungichuma kapena anamaliza sukulu chaka chakuti. Mawu aulemuwo akakhala mu Prefix salowerera pa kasanjidwe.

Dongosolo la timabokosi limeneli si la Google yokha. Mapulogalamu pafupifupi onse amasinthana mayina pogwiritsa ntchito mtundu wa fayilo wotchedwa vCard, imene dzina lake limathera ndi .vcf, ndipo malamulo ake anakonzedwa mu 1998 kenako n'kukonzedwanso mu 2011. M'fayilo yotere dzina la munthu limalembedwa kawiri. Mzere umene umayamba ndi zilembo FN uli ndi dzina lonse monga limaonekera pagalasi, pamene mzere umene umayamba ndi chilembo N uli ndi magawo asanu olekanitsidwa: dzina la makolo, dzina loyamba, mayina apakati, mawu aulemu a kutsogolo, ndi mawu a kumapeto monga Jr. Kusanja kumadalira mzere wachiwiriwu, ndipo n'chifukwa chake makhadi awiri angaoneke ofanana pagalasi koma n'kukhala pa zilembo zosiyana.

Si makhadi onse osokonekera amene munawalemba ndi dzanja lanu. Mayina amene anachokera pa SIM khadi amabwera ali m'kabokosi kamodzi, chifukwa SIM imasunga dzina ngati mzere umodzi waufupi, moti mayina aatali amafika atadulidwa. Enanso Gmail imawasunga yokha pansi pa Other contacts mukayankha makalata, ndipo imangotenga dzina limene mwini wake analemba pa imelo yake, lomwe nthawi zina limakhala dzina la shopu yake kapena zilembo zikuluzikulu zoyamba ndi dzina la makolo. Pulogalamu ikapatsidwa dzina lonse pamodzi imayesa kuligawa mongoganizira, ndipo kawirikawiri imatenga liwu lomaliza ngati dzina la makolo. Munthu amene anazolowera kulemba "Banda Chisomo" monga amachitira pa mafomu a mayeso ndi a boma, makinawo adzamuika pa C.

Pokonza pali njira ziwiri, ndipo musanayambe iliyonse chitani chinthu chimodzi: mu Google Contacts dinani Export, musunge fayilo ya vCard pamalo pena, ndipo musaikhudzenso. Google ilinso ndi Undo changes, pansi pa kachizindikiro ka giya komwe kaja, yomwe imabwezeretsa mndandanda mmene unalili pa nthawi iliyonse m'masiku 30 apitawo, koma fayilo yanuyanu ilibe malire a masiku.

Njira yoyamba ndi kutsegula khadi lililonse losokonekera n'kusamutsa mawu ndi manja. Kwa inu amene muli ndi mayina 400, ndipo mwina theka lokha ndilo likufunika kukonzedwa, njira imeneyi ndi imene ndingakulangizeni, ngakhale ikuoneka yotopetsa. Pa kompyuta khadi limodzi silitha mphindi yathunthu, ndipo mukamakonza makhadi 30 madzulo aliwonse ntchitoyo itha mlungu umodzi. Phindu lina n'lakuti mukamadutsamo mmodzimmodzi mudzaona anthu olembedwa kawiri, amene gawo la Merge & fix lingakuthandizeni kuwaphatikiza, komanso maadiresi amene makalata ake akhala akubwerera.

Njira yachiwiri ndi ya amene ali ndi mayina masauzande. Mumachita Export posankha Google CSV, n'kutsegula fayiloyo mu Excel kapena Google Sheets, momwe kabokosi kalikonse ka pa khadi kamakhala mzere wake wotsika, ndipo First Name ndi Last Name zimaonekera poyera. Chida cha Text to Columns mu Excel, kapena Split text to columns mu Sheets, chimagawa dzina pa mpata uliwonse wa pakati pa mawu, koma chimagawa mwakhungu, moti "Mayi a Mphatso" asanduka magawo atatu opanda dzina la makolo, kotero maso a munthu amafunikabe. Njirayi ili ndi misampha imene ndiyenera kuitchula bwino. Excel ikaona manambala a foni imawatenga ngati manambala owerengetsera, ndipo imachotsa ziro woyambirira komanso chizindikiro cha + cha kutsogolo. Nambala ya ku Malawi yolembedwa ndi 265 kutsogolo popanda mipata ili ndi manambala 12, omwe Excel imawafupikitsa n'kuoneka ngati 2.65999E+11, ndipo mukasunga fayiloyo ili choncho manambala omalizira amatayika osabwereranso. Polowetsa fayilo mu Sheets chotsani chochongera pa mawu akuti Convert text to numbers, dates, and formulas, ndipo mu Excel ilowetseni kudzera pa Data n'kuuza pulogalamuyo kuti mizere ya manambala a foni ndi Text. Posunga sankhani CSV UTF-8, apo ayi chilembo ŵ ndi zilembo za Chipwitikizi monga ç ndi ã zidzasanduka zizindikiro zosawerengeka. Dziwaninso kuti CSV sinyamula zithunzi, ndiponso kuti mukabwezeramo fayilo yokonzedwayo kudzera pa Import, mayina atsopano amawonjezereka pa akale m'malo mowalowa m'malo, choncho muyenera kufufuta akalewo kapena kuwaphatikiza.

Munanenanso kuti ena mwa mamembala anu ali kunja ndipo anakwatiwa kapena kukwatira kumeneko, choncho mudzakumana ndi mayina ofunika kuwaganizira kaye. Dzina ngati Van der Merwe ku South Africa ndi ku Belgium limasanjidwa pa V, pamene ku Netherlands timawu ta kutsogoloto satiwerengera ndipo dzinalo limapita pa M. Anthu olankhula Chipwitikizi, monga a ku Mozambique, kawirikawiri amakhala ndi mayina a makolo angapo ndipo amasanjidwa potsatira lomalizira, koma olankhula Chisipanishi amasanjidwa potsatira loyamba mwa mayina awo awiri a makolo, lomwe mwamwambo ndi la bambo. Ku China, ku Korea, ku Vietnam ndi ku Hungary dzina la banja ndilo limayamba, kotero pulogalamu yongotenga liwu lomaliza imalakwitsa. Ku Iceland anthu ambiri alibe dzina la banja, ndipo ngakhale buku la manambala a foni limatsatira dzina loyamba. Pa zonsezi lamulo lake ndi limodzi: chimene mukufuna kuti chitsogolere pa mndandanda, chiikeni koyambirira kwa kabokosi ka Last name, ndipo mu Outlook mungagwiritse ntchito File As posankha malo a munthu popanda kusintha dzina lake.

Mayina athu nawonso ali ndi zawo. Pa mayina okhala ndi kachizindikiro kodulira, monga Ng'oma ndi Ng'ambi, foni ndi kompyuta nthawi zina zimalemba kachizindikiroko mosiyana, kena kowongoka kena kopindika, ndipo makina amationa ngati tizilembo tiwiri tosiyana, moti pofufuza dzina mungapeze ena n'kusowa ena. Sankhani kamodzi n'kukagwiritsa ntchito paliponse. Amayi amene mumawadziwa ndi mfunda, monga Nabanda kapena Naphiri, alembeni ndi dzina limene lili m'kaundula wa komiti, ndipo mfundawo muuike m'kabokosi ka Nickname, chifukwa mukafufuza ndi mfundawo adzapezekabe. Amene anasintha dzina atakwatiwa, pamene anzawo a m'kalasi amawakumbukira ndi dzina la kusukulu, dzina lakalelo muliike mu Notes.

Pali chinthu chimodzi chimene sichidzasintha ngakhale mukonze makhadi onse, ndipo ndibwino muchidziwiretu kuti musadzaganize kuti ntchito yanu yapita pachabe. Kusanjaku kumakhudza buku la maadiresi lokha, pamene makalata a mu Inbox ya Gmail adzapitiriza kutsatana potengera nthawi imene afikira. Komanso mukamaliza mudzapeza kuti pa B padakali anthu ambiri, koma ulendo uno adzakhala a Banda enieni, ndipo pakati pawo makina adzawasanja potsatira dzina loyamba. Ngati muli ndi a Banda awiri a dzina loyamba lofanana, lembani dzina lapakati mu Middle name, kapena chaka chomalizira sukulu mu Notes, kuti kalata ya zopereka isapite kwa munthu wolakwika.