Akundiwonjezera K100,000 ku Lilongwe: ndichoke ku Mzuzu?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu. Amayendetsa malonda a kampani ina yopikulitsa sopo, mafuta ophikira ndi zina zam'magolosale. Beziki yawo (malipiro okhazikika a pamwezi) ndi K280,000, komishoni ndi yapadera, ndipo kampani ina yawalonjeza K380,000 akapita ku Lilongwe. Akufunsa chifukwa chake ntchito imodzimodzi imalipira mosiyana m'mizinda, komanso ngati kusamukako kuli ndi phindu.

Achemwali, choyamba dziwani kuti mabwana ambiri sakhazika malipiro poyang'ana mtengo wa nyumba kapena wa ndiwo. Amayang'ana kuchuluka kwa katundu amene dera likugula, ndiponso kuti ndi makampani angati amene akulimbirana wogulitsa waluso. Lilongwe ndi Blantyre kuli mashopu ambiri ndi malikulu a makampani, n'chifukwa chake malipiro amakwererako. Lamulo nalo silisiyanitsa: malipiro ochepetsetsa amene boma limalengeza ndi amodzi ku Mzuzu, ku Zomba ndi ku Lilongwe. Ndiye masamu a kukwera mtengo kwa zinthu ndi anu, palibe adzakuwerengereni.

K100,000 yowonjezerayo simudzaigwira yonse. Imagwera m'gawo lodulidwa msonkho wa PAYE, womwe umatenga kota kapena kuposerapo, ndipo 5 peresenti imapita ku penshoni, pomwe abwana amaikako 10 peresenti yawo. Yofika m'manja ndi pafupifupi K70,000, mwinanso kucheperapo. Pemphani a akaunti akulembereni payslip yachitsanzo musanasaine, chifukwa malire a msonkho amasintha ndi bajeti.

Tsopano K70,000 ija iyesedwe ndi zinthu ziwiri: lendi ndi mayendedwe. Zinazo sizisiyana kwambiri. Mtengo wa mafuta a galimoto amalengeza ndi a MERA ndipo ndi umodzi dziko lonse, mayunitsi a ESCOM chimodzimodzi. Koma Mzuzu ndi mzinda wophatikizana. Munthu wa ku Chibavi, Chiputula kapena Mchengautuwa amatha kuyenda wapansi kapena kukwera kabaza kamodzi n'kufika m'tauni. Lilongwe ndi womwazika. Mukapeza nyumba yotsika mtengo ku Chinsapo kapena ku Area 36 koma depoti ili ku Kanengo, ndiye kuti minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera. Ngati mumagwira mpaka Loweruka, amenewo ndi masiku 26 kuchulukitsa ndi maulendo 4, maulendo 104 pamwezi. Funsani mtengo wa ulendo umodzi lero, muchulukitse, muone chotsala. Pa lendi musafanizire "nyumba" ndi "nyumba" chabe. Fanizirani zipinda zofanana, mita yamagetsi yanuyanu kapena yogawana, mpopi wapakhomo kapena wogula ndowa. Eni nyumba ambiri amafuna miyezi itatu pakamodzi, ndipo ndalama imeneyo pamodzi ndi yonyamulira katundu mtunda wa makilomita oposa 350 pa M1 imafunika musanalandire malipiro oyamba.

Pa chakudya, bungwe la Centre for Social Concern limatulutsa mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika pa banja la anthu 6 m'mizinda yosiyanasiyana, kuphatikizapo Mzuzu ndi Lilongwe. Tengani za mwezi womwewo kuti mufanizire. Koma musaiwale zomwe sizilembedwa papepala: mpunga wa kilombero umene achibale amakutumizirani kuchokera ku Karonga, usipa wa ku Nkhata Bay, kapena agogo amene amakusungirani mwana masana. Ku Lilongwe zonsezi zidzafuna ndalama.

Pamene ndikufuna mukhalepo nthawi ndi pa komishoni, chifukwa ndi pamene ogulitsa ambiri amagwa m'mbuna. Funsani kuti imawerengedwa pa katundu wotuluka pa invoisi kapena pa ndalama zimene mwatolera. Ngati ndi pa zotolera, wagolosale mmodzi akachedwa kubweza ngongole, komishoni ya mwezi umenewo yapita. Funsani za katundu wobwezedwa, wophwanyika kapena wotha masiku, kuti amadula kwa ndani. Funsaninso ngati komishoni imayamba pa katoni yoyamba kapena mukapyola tageti. Beziki yokwera yokhala ndi tageti yosafikirika imatha kulipira zochepa poyerekeza ndi beziki yotsika ya dera lomwe mumalidziwa. Kuno kumpoto dera la wogulitsa mmodzi limatha kuyambira ku Jenda mpaka ku Chitipa, maulendo ataliatali, koma makasitomala anu mumawadziwa nkhope ndipo opikisana nanu ndi ochepa. Ku Lilongwe maokala ali pafupipafupi, koma aliyense amakhala atafikiridwa kale ndi ogulitsa angapo, ndipo miyezi yoyamba mudzakhala mukupempha ma oda kwa anthu osakudziwani.

China chofunika kwambiri masiku ano: komishoni ya peresenti ndi ya "makwacha akuti pa katoni" si zofanana. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo n'kukwera. Amene amalandira peresenti ya mtengo wogulitsira, komishoni yake inakwera limodzi ndi mitengo. Wa makwacha okhazikika pa katoni anatsala pomwepo. Sankhani ya peresenti, ndipo alawansi ya thiransipoti, ya eyataimu ndi yogonera kunja zilembedwe padera, ndi mawu akuti zidzaunikidwanso mafuta akakwera mtengo. Zonsezi zikhale m'kalata ya ntchito. Lonjezo la pakamwa silidzakuthandizani ku ofesi ya leba.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mutachotsa kusiyana kwa lendi ndi minibasi, K70,000 ija yatha, musasamukire beziki yokha. Bwererani kwa akampani yatsopanoyo mukapemphe ndalama yosamukira, njinga yamoto kapena galimoto yakampani, ndiponso komishoni yotsimikizika kwa miyezi itatu yoyamba pamene mukuphunzira dera. Akakana zonse, tengani kalata yawoyo mukaonetse abwana anu a ku Mzuzu. Wogulitsa wodziwa eni magolosale kuyambira ku Luwinga mpaka ku Rumphi sapezeka msanga, ndipo akhoza kukuwonjezerani mukadali m'nyumba yanu ya ku Chibavi.