Bwanji osatilola kudzithirira tokha mafuta ngati kunja?

Kalata yafika kuchokera ku Kasungu. Achimwene ena ali ndi pikapu ya dizilo yomwe amanyamulira fodya kupita ku Chinkhoma, ndipo akuti mafuta omwe akumwetsa sakufanana ndi ndalama zomwe akulipira. Mwana wawo ali ku Manchester wawauza kuti kumeneko munthu amatsika m'galimoto, kudzithirira yekha, n'kukalipira m'shopu. Ndiye akufunsa kuti bwanji kuno osawachotsa anyamata omwetsa mafutawa.

Achimwene, si kunja konse komwe amadzithirira okha. Ku South Africa, komwe magalimoto ndi ochuluka kuposa kwathu kuno, lamulo limaletsa kasitomala kudzithirira petulo. Ku America, New Jersey inaletsa zimenezi mu 1949 ndipo mpaka lero amakuthirira ndi munthu wa ntchito. Oregon inali ndi lamulo lofanana kuyambira 1951, inangolifewetsa mu 2023. Mukawoloka pa Mwami kupita ku Chipata mupezanso anyamata a yunifolomu ataima pa pampu monga pa Mchinji boma.

Komwe amadzithirira okha, chinawakankhira ndi ndalama. Malipiro a antchito ndi okwera, ndipo malo aliwonse omwetsera mafuta amaika mtengo wawo, kotero wochotsa antchito amatha kutsitsako mtengo pa lita n'kukoka makasitomala. Kuno mtengo wa petulo, dizilo ndi palafini amalengeza ndi a MERA. Mwini siteshoni atachotsa anyamata onse mawa, lita mudzaigula mtengo womwewo. Phindu lidzalowa m'thumba mwake, inu n'kumanunkha dizilo m'manja.

Ndipo tangoganizani amene amafika pa pampu ya pa Kasungu tsiku la Loweruka. Wa kabaza akufuna malita awiri, injini ili yotentha pakati pa miyendo, sakufuna n'kutsika komwe. Wa chigayo wabwera ndi zigubu zitatu. Minibasi yadzaza anthu, dalaivala sakufuna kuzimitsa poti batire ndi lofooka. Uyu ali ndi ndalama za mapepala, uyo akulipira pa Mpamba kapena Airtel Money, netiweki ikukokakoka. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, mzere utafika kumsewu wa M1, amene amati "galimoto iliyonse malita akutiakuti" ndi mnyamata yemweyo. Mumuchotse ameneyo, pampu idzakhala ya wamphamvu.

Ndinene mosabisa, kudzithirira tokha kuno kungatibweretsere moto ndi ma injini akufa, osati chilungamo. Petulo amatulutsa mpweya wolemera kuposa mphepo, umayenda pansipansi, ndipo kamoto kakang'ono kokha n'kokwanira. N'chifukwa chake chigubu chimayenera kutsitsidwa pansi pothira, osachisiya kumbuyo kwa pikapu pa labala kapena pa pulasitiki. Mafuta akamathamanga mu payipi amasonkhanitsa magetsi aja amakugwirani mukakhudza chitseko cha galimoto nyengo yozizira, ndipo chigubu chikakhala pamwamba magetsiwo alibe kolowera. Mpopi wa pampu uzikhudza kukamwa kwa chigubu mpaka kumaliza, ndipo chisadzaze mpaka pakhosi chifukwa mafuta amafufuma likatentha dzuwa.

Pali nkhani ya kusokoneza mafuta, imene ikukukhudzani inu a dizilo kwambiri. Mpopi wa petulo ndi wocheperako, pafupifupi mamilimita 21, pomwe wa dizilo ndi pafupifupi 25. Wa dizilo salowa bwino m'thanki ya galimoto ya petulo, koma wa petulo umalowa mosavuta mu ya dizilo. Dizilo ndi amene amafewetsa pampu ya mafuta ya injini ndi ma injector, timipopi topopera mafuta mu injini. Petulo akalowamo amatsuka kufewako, zitsulo zimayamba kudyana, tizidutswa tawo n'kufalikira mu njira yonse ya mafuta. Zikachitika musatembenuze kiyi ngakhale pang'ono, chifukwa magalimoto ambiri amakono amayamba kukoka mafuta mukangoyatsa magetsi. Kankhirani galimoto pambali, thanki ikhuthulidwe, fyuluta isinthidwe. Mukayenda nayo, mudzagula pampu ndi ma injector. Ku Britain, komwe kuli mwana wanu, mpopi wobiriwira ndi petulo, wakuda ndi dizilo, koma ku America wobiriwira nthawi zambiri ndi dizilo. Munthu aziwerenga zolembedwa, asadalire mtundu.

Zomwezi zimachitika ndi dizilo wa mavenda wa m'mbali mwa msewu. Akamuwonjezera palafini kuti achuluke, injini imalira ndithu, koma palafini safewetsa ngati dizilo, ndipo pampu imatha mwakachetechete. Ena odandaula kuti pa siteshoni akuwabera amakhala kuti sabata yathayo anamwetsa za m'chigubu cha munthu wosamudziwa. Sindikunena kuti ndi inu.

Kuba kulipo kodi?

Kulipo, ndipo sikufuna ukatswiri. Njira yoyamba ndi kusabwezera pampu pa ziro. Wa kabaza wathira za K5,000, mnyamata sabwezera mpopi m'malo mwake, amangoutembenuzira kwa inu. Mwapempha za K40,000, manambala akufikadi pa 40,000, koma m'thanki mwalowa za K35,000. Njira yachiwiri ndi ya "pepani bwana, sindinamve". Mwati za K40,000, iye waima pa 10,000. Mukamukumbutsa akuti awonjezera za 30,000, koma akupitiriza pomwepo osayambiranso, n'kuima pa 30,000. Inu mumtima mwawerenga 10 ndi 30, mwalipira 40. Nthawi imeneyo mnzake akukupukutirani galasi la kutsogolo kapena akukufunsani za oyilo, maso anu ali kwina.

Onani kuti njira zonsezi zimatheka chifukwa mwini galimoto wakhala pa mpando, galasi lotsitsa pang'ono, foni ili m'manja. Sizifuna kusintha lamulo la dziko. Zifuna munthu atsike.

Koma si nthawi zonse geji ikakunamizani ndiye kuti mwaberedwa. Geji imawerenga kachoyandama kali m'thanki, ndipo thanki si bokosi lolingana mbali zonse. Theka la pamwamba limaoneka ngati likutha mochedwa, la pansi limathamanga. Galimoto ikaima potsetsereka singano imasuntha. Pikapu yonyamula mabelo a fodya mu msewu wafumbi wochokera ku Chulu, matayala ali ofewa, fyuluta ya mpweya itatseka ndi fumbi, imamwa kwambiri kuposa ikamayenda yopanda katundu pa tala. Pamenepo mnyamata wa pa pampu alibe mlandu.

Palinso chizolowezi chomwe ine ndimadana nacho, chogwedeza galimoto kuti mulowe mafuta ena mpopi utadula kale. Kunsonga kwa mpopi kuli kabowo kakang'ono, mafuta akakatseka mpopi umadula wokha, ndiye kuti thanki yakwana. Malo otsalawo anasiyidwa dala kuti mafuta afufumiremo. Pa galimoto ya petulo, owonjezerawo amatha kulowa mu kabokosi ka makala kogwira mpweya wa mafuta n'kukawononga. Pa ya dizilo amangotayikira pansi, mutalipira.

Ndiye chitani chonchi, achimwene. Zimitsani injini, tsikani, nenani mokweza kuti dizilo, ndipo muone ziro pa ndalama ndi pa malita mpopi usanalowe. Akaima pakati, muwerenge nambala yomwe ili pa pampu pomaliza, osati yomwe akukuuzani. Funsani lisiti. Kuti mudziwe mmene galimoto ikumwera, dzazani mpaka mpopi udule koyamba, lembani makilomita, yendani masiku angapo, mudzazenso pa pampu yomweyo, n'kugawa makilomita ndi malita omwe alowa. Chitani kawiri kapena katatu, kenako muyese pa siteshoni ina. Ngati kusiyana kukubwerezabwereza pa pampu imodzi yokha, kadandauleni kwa a Malawi Bureau of Standards omwe amayesa mapampu, kapena kwa a MERA, mutanyamula malisiti ndi nambala ya pampuyo.