Venice inkafunanji kumtunda?

Achimwene, mwafunsa chimene Venice, dziko la amalonda apanyanja, inkalamulirira madera akumtunda kwa Italy. Mzinda womangidwa pamadzi sulima. Unkafuna chakudya ndi matabwa opangira zombo, ndipo katundu wopita ku Germany ankadutsa njira zimene olamulira mizinda ya Padua ndi Milan akanatha kutseka. Choncho Venice inalanda mizinda iyi: Treviso mu 1339, Padua ndi Verona mu 1405, Brescia mu 1426, Bergamo mu 1428.

Kuchenjera kwake, mmene ndikuonera ine, kunali kusiyira mizindayi malamulo ake. Inkangotumiza podestà woweruza milandu ndi capitano woyang'anira asilikali, ngakhale eni mizindayo analibe mawu m'boma la Venice. Venice itagonja pankhondo ya ku Agnadello mu 1509 inataya pafupifupi madera onse, n'kudzabweza ambiri pofika 1517. Napoleon wa ku France ndiye anagwetsa bomalo mu 1797.