Kodi tsiku limodzi n'lokwanira kukaona San Gimignano?

Mayi wina wokhala ku Leeds, m'dziko la Britain, wandilembera pa imelo kuti mwezi wa Seputembala akupita ku Florence, m'dziko la Italy, pamodzi ndi amayi ake okalamba amene mawondo amawavuta. Akufunsa ngati n'koyenera kupatula tsiku limodzi kuti akaone San Gimignano, mudzi wakale womangidwa pamwamba pa phiri m'chigawo cha Tuscany, ndiponso ngati amayi akewo angakwanitse ulendowo.

Mayi, yankho langa ndi lakuti pitani, koma mukagoneko usiku umodzi. Kuyambira chakum'mawa dzuwa litakwera mpaka chakumadzulo, mabasi amatsitsa alendo ochuluka kwambiri pachipata cha Porta San Giovanni, ndipo msewu waukulu wokwera kulowa m'mudzimo umadzaza moti munthu amangoona misana ya anzake ndi mashopu ogulitsa zikumbutso. Mabasiwo akachoka, mudziwo umabwerera kwa eni ake, ndipo mpamene amayi anu angayende mwapang'onopang'ono popanda wowakankha.

Kuti mumvetse zimene mukaone, dziwani kuti San Gimignano unalemera chifukwa cha msewu wa Via Francigena, umene anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya ankadzera popita ku Rome kukapemphera. Sigeric, mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury, anadzera msewu umenewu cha m'ma 990 ndipo mudziwu uli pa mndandanda wa malo amene anaimapo. Apaulendowo ankafuna chakudya ndi pogona, ndipo eni mudzi ankagulitsanso vinyo ndi safironi, zokometsera zodula kwambiri zotengedwa m'maluwa. Mabanja olemera, monga a Ardinghelli ndi a Salvucci amene ankadana koopsa, ankaonetsa chuma chawo pomanga nsanja zamiyala, aliyense pofuna kuti yake ipose ya mnzake, mpaka nsanjazo zinakwana pafupifupi 72. Mpikisanowo utanyanya, akuluakulu a mudzi anaika lamulo loletsa kumanga nsanja yoposa ya boma, yotchedwa Torre Rognosa. Lero zatsala 14, ndipo yaitali kuposa zonse ndi Torre Grossa, nsanja inanso ya boma, ya mamita 54, imene inamalizidwa mu 1311.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti mudziwu unasungika chifukwa cha tsoka. Mliri waukulu wa mu 1348 unapha anthu ambiri, mu 1353 mudziwo unadzipereka m'manja mwa Florence, ndipo malonda anazilala. Popeza panalibenso ndalama zogwetsera nyumba zakale n'kumanga zamakono monga inachitira mizinda yolemera, misewu ndi mabwalo zinatsala pafupifupi momwe zinalili, mpaka bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1990.

Tsopano za amayi anu. Sitima siifika pamwamba pa phiripo. Mukatsika ku Poggibonsi, tauni yapafupi, kenaka mukakwera basi imene imakasiya anthu pafupi ndi chipata. Galimoto za alendo siziloledwa mkati mwa linga, choncho ngakhale mutabwereka galimoto mudzaisiya kunja. Kuchokera pachipata, msewu wamiyala umakwera pang'onopang'ono mpaka pa Piazza della Cisterna, bwalo la ngodya zitatu limene pakati pake pali chitsime chakale. Mukafika, amayi akakhale pa masitepe a chitsimecho ndipo akayang'ane pakamwa pake, pamene zingwe za otunga madzi zinasiya mizere yakuya m'mwalamo chifukwa chokokedwa zaka mazana ambiri. Pafupi pomwepo pali tchalitchi chachikulu chotchedwa Collegiata, chimene makoma ake anajambulidwa nkhani za m'Baibulo kuyambira pa kulengedwa kwa dziko mpaka pa chiweruzo chomaliza, ndipo munthu wodziwa Malemba amazizindikira popanda womufotokozera. Muli mabenchi, kotero angaone ali chikhalire. Torre Grossa yokha musawakweretse, chifukwa masitepe ake ndi oposa 200 ndipo chakumapeto kwake ndi makwerero oimirira. Posankha malo ogona, funsani kaye ngati chipinda chili pansi kapena ngati pali chikepe, popeza nyumba zambiri zakalezo zilibe.

Komabe, kwa ine, kukongola kwenikweni kwa San Gimignano kumaoneka munthu akatuluka kunja kwa linga. Nsanjazo anazimanga kuti zizioneka patali, ndipo amene waima m'munsi mwake amangoona khoma. M'mawa wa tsiku lachiwiri, amayi akupuma, tsikirani m'tinjira ta fumbi loyera todutsa m'minda ya mphesa ndi ya maolivi, mukayende mphindi 30 kapena 40, kenaka mukacheuke. Mukaona zimene apaulendo akale ankaona akutulukira kuchokera kumpoto. Seputembala ndi nyengo yokolola mphesa, choncho mukakumana ndi mathirakitala okoka ngolo zodzaza ndi mphesa zoyera za Vernaccia, zimene vinyo wake anali woyamba m'dziko la Italy kulandira chizindikiro cha DOC, chotsimikizira dera limene vinyo wachokera, mu 1966. Mindayo ndi ya eni ake, ndipo ndi bwino kukhala m'njira osathyola kanthu. Safironi simudzamuona m'munda, chifukwa maluwa ake amatuluka kumapeto kwa Okutobala.

Ngati mudzakhala ndi galimoto, podzabwerera mudzapatukire ku Monteriggioni, kamudzi kamene anthu a mumzinda wa Siena anamanga pakati pa 1214 ndi 1219 kuti azitchinjiriza malire awo kwa adani a ku Florence. Linga lake lozungulira lili ndi nsanja 14, mkati mwake ndi mochepa kwambiri, ndipo ola limodzi n'lokwanira, zimene zingawakomere amayi.

Simunanene kuti amayi ali ndi pasipoti ya dziko liti. Ngati ndi ya Malawi kapena Zambia, chilolezo chokhalira ku Britain sichiwalowetsa ku Italy, ndipo adzafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, imene muyenera kuyamba kuifunsira panopa chifukwa miyezi yotentha ku Ulaya mpata wokaperekera mafomu umavuta kupeza.